Phunziro la Zaumoyo: Mahomoni a Amayi ndi Khansa ya M'mawere

Okondedwa omvera athu a kuno ku Cassacatiza, ku Nsadzu, ku Mualadzi, ku Luia, ndi inu abale a kutsidya kwa malire ku Chanida, phunziro la ulendo uno ndi la khansa ya m'mawere. Ngati muli m'gulu lomvera wailesi, mmodzi awerenge mokweza kuti nawonso amene sadziwa kuwerenga amve. Abambo musachokepo. Nkhaniyi ikukhudza akazi anu, alongo anu ndi amayi anu okuberekani, ndipo kawirikawiri ndalama ya ulendo wa kuchipatala imachokera m'thumba mwanu.

Mwina munamvapo anthu akunena kuti khansa ya m'mawere ndi matenda a azungu, kapena a amayi olemera a m'tauni. M'mawu amenewa muli kachoonadi. Koma kachoonadi kameneka anthu anakamva theka, ndipo theka lotsalalo ndi limene likutitengera amayi kumanda.

Ziwerengero ziwiri

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, limene m'Chipwitikizi timalitchula kuti OMS, likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Bungweli linayerekezanso mayiko olemera kwambiri ndi mayiko osauka monga lathu lino. M'mayiko olemera, mayi mmodzi mwa amayi 12 amapezeka ndi khansayi pa moyo wake, koma amene imamupha ndi mmodzi mwa 71. M'mayiko osauka, amapezeka nayo ndi mmodzi mwa 27, koma imapha mmodzi mwa 48.

Werenganinso bwino. Kwathu kuno matendawa amagwira amayi ochepa, koma amapha ambiri. Choncho pali mafunso awiri. N'chifukwa chiyani amagwira ochepa? Nanga n'chifukwa chiyani amapha ambiri? Yankho la funso loyamba lagona kwambiri pa zinthu zotchedwa mahomoni.

Kodi mahomoni n'chiyani?

Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga lokha n'kutithira m'magazi. Anamwino ena amati michere ya m'thupi. Ntchito yake ili ngati ya mthenga wa amfumu: amachoka pamalo amodzi, n'kukauza ziwalo zina zoyenera kuchita. Mwa amayi, mahomoni awiri ofunika pankhani yathuyi ndi esitirojeni ndi projesiteroni. Amapangidwa m'timatumba ta mazira tiwiri timene tili m'mbali mwa chiberekero. Ndi amene amachititsa kuti mtsikana amere mawere, athe msinkhu, azisamba mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti mimba ikhazikike. Si poizoni ayi. Popanda iwo sipakanakhala mwana m'mudzi muno.

Mwezi uliwonse mahomoniwa amauza bere kuti, konzeka, mwina kukubwera mwana. N'chifukwa chake amayi ambiri amamva mawere kulemera kapena kuwawa akatsala pang'ono kupita kumwezi. Nthawi imeneyo tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga mnofu wa bere, totchedwa maselo, timagawikana kuti tichuluke. Mimba ikapanda kubwera, zonse zimabwerera mwakale, mwezi wamawa n'kuyambiranso.

Selo likamagawikana limakopera malangizo ake onse kuti lipatse linzake latsopanolo. Taganizirani mwana wa sukulu amene akukopera zolemba za mnzake m'kope. Akakopera kamodzi, mwina salakwitsa. Akakopera maulendo 400, penapake adumpha mzere. Nthawi zambiri thupi limakonza lokha zolakwikazo, koma nthawi zina selo lolakwika limapulumuka, n'kuyamba kuchulukana mosamvera lamulo. Imeneyo ndiyo khansa. Ndiye kuti bere likalandira uthenga wa mahomoni kwa miyezi yambiri pa moyo wa mayi, mpata woti pachitike cholakwika umakulirakulira.

Zimene asisitere ndi ng'ombe anaphunzitsa madokotala

Madokotala anaona chizindikiro cha zimenezi kalekale asanadziwe n'komwe dzina loti mahomoni. M'chaka cha 1713, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba kuti khansa ya m'mawere inkapezeka kwambiri mwa asisitere kuposa amayi ena. Chifukwa chake sanachimvetse. Lero tikudziwa kuti mayi amene sanaberekepo ndiponso sanayamwitsepo amasamba mosadukiza kuyambira utsikana mpaka ukalamba.

Inu oweta ng'ombe, nkhani yotsatirayi ikusangalatsani. Dokotala wina wa ku Glasgow m'dziko la Scotland, George Beatson, anamva kuti alimi a kumadera ena ankachotsa timatumba ta mazira ta ng'ombe yaikazi ikangobereka, ndipo ng'ombeyo inkapitiriza kutulutsa mkaka nthawi yaitali. Iye anadzifunsa kuti, kodi chiwalo cha m'mimba chingalamulire bwanji bere limene lili patali? Ndiye anayesa kuchotsa timatumba timeneti mwa mayi wina wa zaka 33 amene khansa yake inali itafalikira. Zotupa zinaphwa, ndipo mayiyo anakhalanso ndi moyo zaka zingapo. Beatson analemba zimenezi mu 1896. Sanachiritse khansa, koma anaonetsa kuti zotupa zina za m'mawere zimadya kuchokera ku timatumba ta mazira, ndipo ukazimana chakudyacho zimafota.

Miyezi 100 ndi miyezi 400

Tsopano tifike pa kusiyana kwa amayi a m'madera osiyanasiyana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, katswiri wina wa ku America, Beverly Strassmann, anakakhala pakati pa anthu a mtundu wa Dogon m'dziko la Mali. Mwa mwambo wawo, mayi akakhala kumwezi amakagona m'kanyumba kapadera. Kwa zaka ziwiri, usiku uliwonse, iye ankalemba amene agona m'tinyumbato. Anapeza kuti mayi wa Chidogon amasamba maulendo pafupifupi 100 okha pa moyo wake wonse. Amatha msinkhu mochedwa, cha m'ma zaka 16, amabereka ana ambiri, ndipo mwana aliyense amayamwa nthawi yaitali, msambo uli chiimire. Mayi wa ku America amasamba maulendo pafupifupi 400.

Agogo athu ambiri a m'midzi ya Chifunde moyo wawo unali wofanana ndi wa amayi a ku Mali aja. Anali ndi zaka zambiri zimene ankakhala ali ndi pakati kapena ali ndi mwana kubere, ndipo khasu, mtondo ndi mtsuko sizinkalola kuti thupi lisunge mafuta.

Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford ku England anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko 30, wokhudza amayi oposa 50,000 odwala khansayi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anapeza kuti mwana aliyense amene mayi wabereka amachepetsa chiopsezo ndi magawo 7 pa 100, ndipo miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imachepetsanso ndi magawo 4 pa 100. Mukaona chaka chimodzi, phindulo likuoneka laling'ono. Koma mayi woyamwitsa ana asanu, aliyense zaka ziwiri, wayamwitsa zaka khumi. Akatswiriwo anawerengera kuti amayi a m'mayiko olemera akanati azibereka ndi kuyamwitsa ngati a m'mayiko osauka, odwala khansayi pofika zaka 70 akanatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3 mwa amayi 100 alionse, ndipo gawo lalikulu la kutsikako likanachokera ku kuyamwitsa. Mu 2012 gulu lomweli linaonetsanso kuti mtsikana akatha msinkhu mofulumira chiopsezo chimakwera pang'ono, chimodzimodzinso mayi akachedwa kusiya kusamba.

Kafukufuku wina wa mu 2002 anayeza magazi enieniwo. Amayi amene anasiya kusamba anawatenga magazi adakali bwinobwino, kenaka n'kumawatsatira kwa zaka. Amene anali ndi esitirojeni wambiri m'magazi anadwala khansayi pafupifupi kawiri kuposa amene anali ndi wochepa kwambiri.

Kodi ndi mtundu wa munthu?

Apa wina anganene kuti, basi, ndi magazi a azungu, ife Achewa sizitikhudza. Ayi ndithu. Ku Japan ndi ku China khansa ya m'mawere inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ku America. Kafukufuku wa mu 1990 anapeza kuti amayi a m'midzi ya ku China anali ndi esitirojeni wochepa m'magazi kuposa amayi a ku Britain a zaka zofanana nawo. Koma mabanja a ku Japan ndi ku China atasamukira ku Hawaii ndi ku California, chiopsezo chinayamba kukwera. Ana ndi zidzukulu zawo zobadwira kumeneko zinafika pafupi ndi azungu a komweko. Magazi anali omwewo a makolo awo. Chimene chinasintha ndi kadyedwe, kukula kwa thupi, msinkhu wothera, msinkhu woyambira kubereka, chiwerengero cha ana ndi kutalika kwa nthawi yoyamwitsa.

Sitifunikanso kupita kutali choncho. M'dziko lathu lomwe lino, madokotala a ku Maputo mothandizana ndi anzawo a ku Portugal, mmodzi wa iwo Mariana Brandão, anayerekeza amayi 138 odwala khansa ya m'mawere ndi amayi 638 osadwala. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Amayi amene anabereka ana ambiri anali ndi chiopsezo chochepa cha khansa ya mtundu umene umadya mahomoni. Mwa amayi amene anasiya kusamba, kunenepa kunkakweza chiopsezo. Amayi ophunzira nawonso anapezeka ndi chiopsezo chokwererapo. Pamenepa musamve molakwa: sukulu sibweretsa khansa. Mayi wophunzira amayamba kubereka mochedwerako, amakhala ndi ana ochepa, ntchito imamukakamiza kusiyitsa mwana msanga, komanso ndi amene amapita kuchipatala n'kulembedwa m'kaundula.

Mfundo ya kaundulayi ndi yofunika. Makaundula a khansa a dziko lino ali m'mizinda ikuluikulu monga Beira ndi Maputo. Mayi amene wamwalirira kumudzi ndi chilonda cha pabere, anthu n'kumati anamulodza, salowa m'chiwerengero chilichonse. Choncho tikamanena kuti kwathu matendawa ndi ochepa, mbali ina ndi zoona, mbali ina n'chifukwa choti odwala ena palibe anawawerenga. Ngakhale zili choncho, kuno ku Mozambique ndiponso ku Zambia, khansa ya m'mawere ndi yachiwiri mwa amayi, yoyamba ikhala ya khomo la chiberekero.

Ndipo moyo wa pamalire pano ukusintha. Yang'anani zimene zikugulitsidwa pamsika ndi m'mabanka: mafuta ophikira, shuga, zakumwa zotsekemera, timowa ta m'timabotolo. Njinga zamoto zalowa m'malo mwa miyendo. Zambiri mwa izi ndi chitukuko, ndipo palibe akufuna kubwerera ku njala. Koma chitetezo chimene agogo anali nacho mosadziwa, ana athu sadzakhala nacho chonse.

Tsono tibereke ana khumi?

Funso limeneli lidzabwera ndithu m'gulu lanu, mwina kuchokera kwa bambo wina akuseka. Yankho ndi lakuti ayi. Kubereka pafupipafupi kumapha amayi ambiri kuno kudzera m'kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi ndi kuchepa kwa magazi kuposa mmene kungapulumutsire ku khansa ya m'mawere. Simungaotche nkhokwe pofuna kupha khoswe.

N'chimodzimodzi ndi kukwatiwitsa atsikana aang'ono. N'zoona kuti kafukufuku wa mu 1970 anaonetsa kuti amayi oyamba kubereka adakali achitsikana amadwala khansayi mocheperako kuposa oyamba atadutsa zaka 35. Koma mtsikana wa zaka 14 kapena 15 chiuno chake sichinakhwime. Akhoza kufa pobereka, kapena kutsala ndi fisitula, matenda ongotuluka mkodzo osaletseka. Ndiponso kuyambira mu 2019 lamulo la dziko lino likuletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Aliyense wogwiritsa ntchito phunziro lino ngati chifukwa chochotsera mwana pasukulu walipotoza.

Chimene tingatenge kwa agogo popanda choopsa ndi kuyamwitsa. Miyezi 6 yoyambirira mwana ayamwe bere lokha, kenaka apitirize kuyamwa pamodzi ndi phala ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana amapindula, mayi amapindulanso. Amayi amene muli ndi kachilombo ka HIV, imwani ma ARV mwandondomeko ndipo tsatirani malangizo a kusikelo pa nkhani ya kayamwitsidwe.

Nanga mapiritsi ndi jakisoni wolera?

Pano tiyankhule mosabisa, chifukwa mphekesera zachuluka. Mapiritsi olera, jakisoni wa miyezi itatu ndi kachipangizo koika pamkono, zonsezi zili ndi mahomoni. Kodi zimakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere? Inde, pang'ono, pa nthawi imene mayi akugwiritsa ntchito. Kwa omwa mapiritsi, kafukufuku wamkulu wa mu 1996 anaonetsa kuti kukwerako kumazilala mayi akasiya, ndipo pakatha zaka 10 sikuonekanso.

Pang'onopo ndi pochuluka bwanji? Kafukufuku wa ku Oxford wa mu 2023 anawerengera motere, potengera amayi a ku Britain. Mwa atsikana 100,000 ogwiritsa ntchito njirazi zaka 5, kuyambira ali ndi zaka 16 mpaka 20, odwala oonjezera pa zaka 15 zotsatira ndi 8 okha. Mwa amayi 100,000 ogwiritsa ntchito ali ndi zaka 35 mpaka 39, oonjezera ndi 265, kutanthauza osakwana atatu mwa 1,000 alionse. Kumbali ina, mapiritsi omwewo amateteza ku khansa ya timatumba ta mazira ndi ya m'kati mwa chiberekero, ndipo kulera kumapulumutsa amayi ku imfa za uchembere, zimene kuno ndi zambiri. Ndiye musataye mapiritsi m'chimbudzi chifukwa cha zimene mwamva kuchitsime. Koma ngati munadwalapo khansa ya m'mawere, kapena muli ndi chotupa chimene sichinapimidwe, muuzeni namwino musanalandire njira iliyonse. Pali njira zopanda mahomoni, monga lupu ya kopa ndi makondomu.

Mafuta a m'thupi ndi mowa

Mayi akasiya kusamba, timatumba ta mazira timapuma. Koma esitirojeni satheratu, chifukwa mafuta a m'thupi amapitiriza kumupanga. Mayi wamkulu wonenepa kwambiri amakhala ndi esitirojeni wambiri kuposa mnzake wa thupi lapakatikati. Kwathu kuno timayamikira kunenepa, timati akudya bwino, bambo akusamala. Koma thupi limene likungokulirakulira mayi atapitirira zaka 50 limabwera ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, ndiponso chiopsezo chimenechi. Kulima, kuyenda pansi ndi ndiwo zamasamba monga nkhwani, chisoso ndi bonongwe si zizindikiro za umphawi. Musazinyoze.

Mowa nawo umakweza esitirojeni m'magazi ndiponso umaononga maselo. Chikho chimodzi tsiku lililonse chimakweza chiopsezo ndi magawo pafupifupi 7 pa 100, ziwiri kuposa pamenepo. Thupi silisiyanitsa kachasu, masese ndi mowa wa m'botolo.

Komabe dziwani ichi. A WHO amati pafupifupi theka la amayi odwala khansayi alibe chifukwa china chooneka kupatula kukhala mkazi ndi kupitirira zaka 40. Mayi wa ana asanu ndi atatu, woonda, wosamwa mowa, woyamwitsa mokwanira, akhoza kudwala ndithu. Mahomoni amatithandiza kumvetsa chifukwa chake mudzi wina uli ndi odwala ambiri kuposa unzake, koma sanena kuti adwale ndi uje. Choncho palibe chifukwa chopita kukayezetsa mahomoni m'magazi, ndipo palibe chifukwa cholozera chala mayi wosabereka kapena wa ana ochepa. Ngati mayi anu, mchemwali wanu kapena mwana wanu anadwalapo khansayi, makamaka adakali wamng'ono, auzeni a chipatala, chifukwa mwa odwala 100 alionse, 5 mpaka 10 amachita kutengera kumtundu. Abambo nawonso imawagwira, ngakhale ndi mmodzi yekha kapena kucheperapo mwa odwala 100.

Khansa ya m'mawere si imodzi

Zotupa zina zili ndi timakomo tolandirira esitirojeni, ndipo zimakula ndi iye. Zina zilibe. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa kumasankha mankhwala. Pa zotupa zodya mahomoni pali mapiritsi otchedwa tamoxifen, amene amatseka timakomo tija. Mayi amamwa limodzi patsiku kwa zaka 5, ena mpaka 10, pambuyo pa opaleshoni. Ndi nzeru ya Beatson ija, koma yopanda mpeni. Pa chotupa chopanda timakomoto, tamoxifen sagwira ntchito, pamafunika mankhwala ena odzera m'mitsempha.

Gulu la madokotala a ku Maputo lija linatsatira odwala oposa 200 amene anapezeka pakati pa 2015 ndi 2017. Oposa theka anali ndi zotupa zodya mahomoni. Koma mmodzi mwa anayi anali ndi mtundu wovuta, umene sumva mapiritsi a mahomoni ndipo umakula msanga. Ku Ulaya mtundu umenewu ndi wocheperapo. Umapezeka kwambiri mwa amayi akuda, ngakhale a ku America, ndipo umakonda kugwira amayi adakali aang'ono. Kafukufuku wa pakati pa amayi akuda a ku America anaonetsa kuti kubereka ana ambiri popanda kuyamwitsa kumakweza chiopsezo cha mtundu umenewu, pamene kuyamwitsa kumachitsitsa. Apanso bere la mwana latithandiza.

N'chifukwa chake a chipatala amatenga kachidutswa ka chotupa ndi singano kuti kakapimidwe. Anthu ena amaopa, amati chotupa chikalasidwa ndi chitsulo chimakwiya n'kufalikira. Si zoona. Popanda kupima, dokotala ali ngati munthu wothira mankhwala m'munda asanaone ngati ndi mbozi kapena chiwawu.

Chifukwa chake imapha ambiri kwathu

Funso lathu lachiwiri lija yankho lake si mahomoni. Ndi nthawi. Mwa odwala a ku Maputo aja, pafupifupi atatu mwa anayi anafika kuchipatala khansa itakula kale kapena itafalikira. Kafukufuku wina wotchedwa ABC-DO anatsatira amayi oposa 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Patatha zaka zitatu, mwa azungu 100 a ku Namibia, 90 anali moyo. Mwa amayi akuda a dziko lomwelo, 56. Ku Zambia, 47. Zifukwa zazikulu zinali kufika mochedwa ndi kusamaliza chithandizo.

Khansa ya m'mawere ikamayamba nthawi zambiri siwawa. Apa ndi pamene pagona msampha. Mayi amakhudza kambulu kolimba, n'kunena kuti, poti sikakuwawa, ndidikire tikolole, ndidikire tigulitse fodya. Wina amapita kukatemera mphini. Wina amati mwana anageya pabere, wina amati ndi ndalama kapena foni imene amasunga m'kamisolo. Zonsezi sizibweretsa khansa, ndipo si ufiti, komanso siipatsirana. Mukhoza kudya mbale imodzi ndi wodwala, kumusambitsa ndi kugona naye chipinda chimodzi.

Dziwani mawere anu. Kamodzi pamwezi, patatha masiku ochepa mutamaliza kusamba, akhudzeni ndi zala zitatu zapakati muli kubafa kapena mutagona chagada, bere lonse mpaka kukhwapa. Amene munasiya kusamba sankhani tsiku limodzi losaiwalika pamwezi. Pitani kuchipatala mukapeza chotupa m'bere kapena mwanabere m'khwapa, nsonga ya bere ikalowa m'kati pamene kale sinali choncho, kukamatuluka magazi kapena madzi kunsonga pamene simukuyamwitsa, khungu likamaoneka ngati khoko la lalanje kapena likachita kadzenje, bere limodzi likasintha kukula, kapena pakakhala chilonda chosapola. Zotupa zambiri, mpaka 9 mwa 10, sizikhala khansa. Koma zala zanu, za azamba kapena za sing'anga sizingasiyanitse.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, mawu awa ndi anu. Chitetezo chochokera ku kubereka chimabwera patapita zaka zambiri. M'zaka zoyambirira mwana atabadwa chiopsezo chimakwerako pang'ono. Bere lotupa ndi mkaka kapena chithupsa limawawa, limatentha, ndipo limachira ndi mankhwala m'masiku ochepa. Chotupa chimene chakhala milungu iwiri kapena itatu osasintha si mkaka wogona. Bwererani kuchipatala ngakhale munapitako kale.

Anamkungwi, inu amene mumalangiza anamwali za ukhondo ndi za kumwezi, onjezanipo phunziro ili. Mtsikana amene waphunzira kutsimba kuti bere lake alidziwe sadzachita manyazi kulionetsa kwa namwino akadzakula.

Kopita

Yambirani pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, ku chipinda cha kulera ndi uchembere. Kuyambira mu 2009, unduna wa zaumoyo wa MISAU unayamba kuika kupima mawere ndi khomo la chiberekero m'ntchito za kulera, choncho pemphani kuti akupimeni zonse ziwiri ulendo umodzi. A APE a m'mudzi mwanu angakuuzeni masiku ake. Namwino akakayikira chotupacho adzakulemberani kalata yokutumizani patsogolo, imene timaitchula kuti guia, mpaka mukafike ku Hospital Provincial de Tete. Chithandizo chowotcha khansa ndi makina chinayamba ku Hospital Central de Maputo mu 2019. Kwa abale a ku Zambia njira imadzera ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata, mpaka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 2007.

Mu 2021 a WHO anakhazikitsa muyezo wakuti kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala ndi chotupa, zopima zonse zithe pasanadutse masiku 60. Lembani tsikulo pachikuto cha khadi lanu ndipo muziwerenga. Mukaona kuti masiku akutha yankho lisanabwere, pitani mukafunse, ndipo mupite ndi wachibale wodziwa kuyankhula Chipwitikizi ngati inu chimakuvutani.

Ife a pamalire tili ndi vuto lathulathu. Timayamba chithandizo mbali ino, ndalama zikatha kapena mtima ukakayika n'kuwolokera mbali inayo, kumene dokotala sadziwa chilichonse chimene chinachitika, ndipo zopima zimayambiranso pachiyambi. Miyezi imathera m'njira. Sankhani mbali imodzi ndipo mumalizire komweko. Ngati mwakakamizika kusintha, tengani mapepala onse: khadi, guia, zotsatira za kachidutswa kaja, ndi mapaketi a mankhwala amene munalandira. Asungeni m'pepala lapulasitiki kuti mvula ndi chiswe zisawaononge.

Abambo, Cassacatiza ndi Tete ndi kutali, ndipo ulendowu sukhala umodzi. Khalani pansi ndi akuchikazi ndi akuchimuna msanga, muone chimene chingagulitsidwe, mbuzi kapena matumba a chimanga, ndi amene adzatsale ndi ana. Dokotala akanena kuti bere lichotsedwe, mkazi wanu adzayang'ana nkhope yanu asanayankhe. Mayi wa bere limodzi amalima, amabereka, ndipo amatha kuyamwitsa ndi bere lotsalalo.